Udzu Uli ndi Nthawi Yake

Ife a ku Lifidzi timakhala pakati pa udzu. Madenga a nyumba zambiri ndi a udzu. Nkhokwe, khola, bafa ndi mpanda zimafuna udzu. Chigafa cha fodya chimafunanso udzu. Ng'ombe ndi mbuzi zathu zimadya udzu. Komabe munthu akamawerenga chuma chake amatchula chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi ziweto. Udzu sautchula. Amaukumbukira tsiku limene nyumba yayamba kudontha.

Tsono lero tikambirane za kamwetedwe ka udzu, ndiponso za kadulidwe ka zomera zina za masamba aatali, monga khonje. Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma ikukhudza tulo tathu, nthaka yathu ndi ziweto zathu.

Dziko lathu ndi la udzu

Dziko la Angónia ndi lokwera. Phiri la Domwe ndi lalitali mamita opitirira 2,000. Mvula imayamba mu Novembala kapena mu Disembala, ndipo imaleka mu Malichi kapena mu Epulo. Mu Juni ndi mu Julayi kumazizira kwambiri. M'madambo chisanu chimawaula mbewu. Dziko lotere limabala udzu wabwino. Angoni a kwa Maseko, amene anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, anali anthu oweta ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinapeza msipu kuno.

Akuluakulu tikukumbukira bwino za ubwino wa udzu. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo inabalalitsa anthu a kuno. Ambiri a ife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'dziko la Malawi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pobwerera kwathu m'zaka zotsatira tinapeza mabwinja. Minda inali itasanduka tchire. Malata panalibe. Ndalama panalibe. Chimene chinatilandira ndi udzu. Tinamweta, tinafolera, ana nagona pouma.

Lero zinthu zasintha. Anthu achuluka ndipo minda yakula. Malo amene ankamera udzu wofolera achepa. Amayi amayenda mtunda wautali kuti apeze mtolo umodzi. Ena amachita kugula mitolo ndi ndalama. Malata alipo m'masitolo a ku Ulongwe, koma si banja lililonse lingathe kugula. Ngakhale mwini malata amafunabe udzu wa nkhokwe ndi khola. N'chifukwa chake tiyenera kusamala udzu umene watsala.

Udzu umakulira pansi

Mtengo umakulira kunsonga. Mukadula nsonga ya nthambi, nthambiyo imaleka kutalika, imayamba kuphukira m'mbali. Udzu ndi wosiyana. Moyo wake uli paphata, pamene mizu yakumana ndi masamba. Pamenepo pali timaso tambiri tophukira. Ng'ombe ikadya masamba, udzu umaphukanso chifukwa phata latsala.

Masamba obiriwira ndiwo amapanga chakudya cha chomera ndi mphamvu ya dzuwa. Phata ndi mizu ndiyo nkhokwe yake. Udzu ukamwetedwa, umatapa m'nkhokwemo kuti uphukenso. Ukamwetedwa kawirikawiri, usanabweze chimene unatapa, nkhokwe imatha ndipo phata limafa. Pamalo pake pamamera zitsamba zopanda ntchito, kapena pamatsala dothi lokha.

Pamenepa tikuphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, tisavulaze phata. Chachiwiri, tiupatse udzu nthawi yopuma. Chachitatu, mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake yomwetera.

Udzu wofolera

Udzu wofolera, monga tsekera, umamwetedwa utakhwima. Tiudziwa bwanji kuti wakhwima? Umaleka kubiriwira, n'kuoneka wachikasu kapena wofiirira. Njere zake zimakhala zitayoyoka. Mukapinda phesi limodzi limathyoka, silingopindika. Kuno kwathu nthawi imeneyi ndi Juni ndi Julayi, titatha kukolola chimanga.

Ena amafulumira kumweta mu Epulo, poopa kuti anzawo awatsogolera. Udzu wotere ukadali ndi madzi. Pamtolo umachita nkhungu. Padenga umaola msanga ndipo tizilombo timaukonda. Komanso njere zake zimachoka pamalopo zisanagwe, ndipo phata limakhala lisanadzaze nkhokwe yake. Chaka chamawa udzu umamera patalipatali. Wofulumirayo amataya kawiri: denga la chaka chino ndi udzu wa chaka chamawa.

Pomweta tisiye chitsa chotalika ngati chikhatho. Tisazule, ndipo tisagwiritse khasu. Tikamweta, tikutumule udzuwo kuti masamba ofota ndi zinyalala zichoke. Tilinganize matsinde, timange mitolo. Mitolo isagone padothi, pakuti chiswe sichichedwa. Tiiike pathandala, kutali ndi pophikira ndiponso kutali ndi nyumba yogona.

Denga lotsetsereka bwino limakhalitsa, chifukwa madzi amatsika msanga. Denga logona limasunga madzi, udzu n'kuola. Pofolera timayambira m'munsi kukwera kumtunda, kuti udzu wapamwamba uphimbe wapansi. Ntchitoyi ithe mu Okutobala. Kufolera mitambo itayamba kale kuda n'kuputa mavuto.

Moto

Mdani wamkulu wa udzu ndi moto wolusa. Anyamata amatentha tchire posaka mbewa. Eni ng'ombe ena amatentha kuti msipu uphuke msanga. Alimi ena amatentha mapesi m'munda, moto n'kuthawira kutchire. Aliyense ali ndi chifukwa chake. Mbewa ndi ndiwo, palibe akukana. Ng'ombe nazo zimaonda m'chilimwe, tonse timaona.

Koma tifunse: moto ukadutsa, akulira ndani? Akulira ndi agogo amene amamweta mtolo umodzi patsiku chifukwa cha msana. Akulira ndi mayi wamasiye amene anayamba wakolola, nati udzu amweta mawa. M'mawa kukacha apeza lupsa lokhalokha. Mu Januwale mvula ikamagwa usiku, iwo ndi adzukulu awo amakhala tsonga pakona, atafunda thumba. Ufa umanyowa. Mabuku a ana amanyowa. Chifuwa chimalowa m'nyumba. Zonsezi chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi mbale yomwe.

Moto wa mu Seputembala ndi mu Okutobala ndiwo woopsa koposa. Udzu umakhala utauma kwambiri ndipo mphepo imaomba. Moto wotere umapha timitengo tating'ono. Chonde china chimapita ndi utsi, phulusa n'kuuluzika ndi mphepo. Nthaka imatsala pamtetete. Mvula yoyamba ikagwa, imakokolola dothi lapamwamba kupita nalo kumtsinje. Msipu umene unaphuka pa lupsa umadyedwa ukadali waung'ono, phata n'kufooka.

Lamulo la dziko limaletsa kutentha tchire mwachisawawa. Koma lamulo silingalondere dambo lililonse. Mudzi ndiwo ungalondere. Tikhale pansi ndi amfumu, tigwirizane kuti pasapezeke woyatsa moto kufikira aliyense atamweta. Tilambule njira yotchinga moto kuzungulira malo a udzu wofolera, manda ndi nkhalango ya mudzi. Pamene pafunikadi kutentha, tidziwitse anansi. Titenthe m'mamawa kapena madzulo mphepo itadekha, anthu ataima m'mbali ndi nthambi zaziwisi.

Vetiva

Pali udzu wina umene timachita kubzala. Dzina lake ndi vetiva. Unachokera ku India. M'zaka za m'ma 1980 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayamba kuufalitsa ngati njira yotetezera nthaka. Ena a ife tinauona m'minda ya abale athu ku Dedza ndi ku Ntcheu, utabzalidwa pa akalozera.

Vetiva ali ndi mizu yolowa pansi molunjika, mpaka mamita atatu. Mizuyo siyanga m'mbali, kotero silimbana kwambiri ndi chimanga. Mtundu umene umabzalidwa m'minda subala njere zomera. Umakhala pomwe wabzalidwa, sufalikira m'munda wonse. Ukabzalidwa mopingasa chitunda, umasanduka mpanda wamoyo. Madzi akafika pampandapo amachepa liwiro n'kulowa pansi. Dothi limatsalira kumtunda kwake.

Pobzala timagawa phata kukhala timapata ta mphukira ziwiri kapena zitatu. Timadula masamba kusiya masentimita 20, ndi mizu kusiya masentimita 10. Timabzala motalikirana masentimita 10 kapena 15, mvula itakhazikika.

Vetiva amafuna kumetedwa. Akagwira bwino, timamudula kusiya msinkhu wa masentimita 30 mpaka 50, ndiko kuti pafupi ndi bondo la munthu wamkulu. Timatero mvula ikamayamba, kuti asaphimbe mbewu zazing'ono, ndiponso tikatha kukolola. Akadulidwa amatulutsa mphukira zambiri m'munsi. Mapata amakula n'kugundana, mpanda n'kutsekeka. Akalekereredwa amatalika, masamba akale amauma pakati, ndipo moto ukabwera umapeza chakudya chambiri.

Tiziyendera mpandawo mvula ikagwa. Pamene paphata pafa pamatsala khomo. Madzi onse amathamangira pakhomopo ndi mphamvu, ndipo chigwembe chimayambira pamenepo. Tigawe phata lina, titseke khomolo nyengo yomweyo.

Masamba odulidwawo si zinyalala. Timaphimbira nawo nthaka m'dimba kuti chinyezi chikhalitse. Timafolerera nkhokwe ndi khola. Ouma timayala pomwe nkhuku zimaikira mazira. Mphukira zanthete ziweto zimadya.

Nsenjere

Nsenjere ndi udzu wa kuno ku Africa. Tonse timaudziwa, umamera m'mbali mwa mitsinje. Wobzala nsenjere m'malire a dimba amakhala ndi chakudya cha ziweto pafupi. Imagwiranso gombe la mtsinje kuti lisagumuke.

Kamwetedwe kake n'kosiyana ndi ka udzu wofolera. Udzu wofolera timadikira kuti uume. Nsenjere ya ziweto timaidula ikadali yaiwisi, ikafika m'chiuno kapena pachifuwa, ndiko kuti mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. M'dzinja imafika msinkhu umenewu pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Ikakalamba imasanduka mapesi olimba. Ng'ombe imangobudula masamba, zotsalazo n'kupondaponda. Ikadulidwa yaing'ono kwambiri, chakudya chimachepa ndipo phata limafooka.

Podula tisiye chitsa cha masentimita 10 kapena 15. Tiduledule nsenjereyo tizidutswa tisanapatse ziweto, kuti zidye ndi mapesi omwe. Tisadule yonse tsiku limodzi. Tigawe mzerewo zigawozigawo: pamene tikudula chigawo china, chinzake chikuphuka. Ndipo tikumbukire kubweza. Nsenjere imadya kwambiri chonde cha m'nthaka. Ndowe za m'khola zibwerere kumapata ake. Nsenjere ina tingaisiye dala kuti ikhwime, pofuna mapesi a mpanda kapena ochirikizira matimati.

Khonje

Khonje si udzu, koma nayenso ali ndi masamba aatali ochokera paphata limodzi. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico. Anafika ku Tanganyika, kumene lero ndi ku Tanzania, mu 1893. M'nthawi ya atsamunda kunali minda ikuluikulu ya khonje ku Nampula ndi ku Zambézia, ndipo anthu ambiri anagwirako ntchito ya chibalo. Kuno kwathu khonje ndi wa m'malire a munda, wotchinga ziweto ndi wopota zingwe.

Moyo wa khonje uli pamtima pake, pamene masamba atsopano atulukira atakulungana. Mtimawo ukadulidwa, chomeracho sichitulutsanso masamba abwino. Khonje wamng'ono sadulidwa. Timadikira zaka ziwiri kapena zitatu. Timadula masamba a m'munsi okha, amene ayamba kugonera kunja. Timadula tsamba lonse, pafupi ndi tsinde. Pamtengopo patsale masamba 20 kapena kuposa, kuti apange chakudya.

Tisanadule tsamba, tiyambe tachotsa munga wa kunsonga. Munga umenewu ungathe kuboola diso. Madzi a khonje amayabwa, tsono tisambe m'manja tikatha kupala. Ulusi wake timautsuka, kuuyanika, kenaka n'kupota.

Pakapita zaka zingapo khonje amatulutsa mlongoti wautali pakati. Mlongotiwo umabala tiana tambiri, ndipo mayi wake amafa. Titole tianato, kapena tizule mphukira za m'mbali, tibzale pamene patsala mpata. Chingwe cha khonje chimamanga mitolo, denga ndi mbuzi. Banja limene lili ndi khonje silifunika kusenda luzi kumitengo ya mombo. Mtengo wosendedwa mozungulira umauma. Kotero wobzala khonje wapulumutsanso nkhalango.

Za pakhomo

Pakhomo, pasukulu ndi patchalitchi timabzalanso zomera zokongoletsa za masamba aataliatali. Ena ali ndi udzu wonunkhira ngati ndimu, wothira mu tiyi, umene ambiri m'dziko muno amautcha balakate. Chisanu chikadutsa, zomera zimenezi zimaoneka zofota. Tisafulumire kuzidula mu Juni. Masamba oumawo ndiwo chofunda cha phata. Tidikire mu Ogasiti, kukayamba kufunda.

Balakate timamudula kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho, n'kuthirira. Pa maluwa a masamba okhuthala timachotsa tsamba louma lonse kuyambira patsinde. Tsamba laliwisi tisalidule pakati, chifukwa podulidwapo pamauma n'kuoneka moipa. Phata likakula kwambiri limafa pakati. Tilikumbe mvula ikayamba, tiligawe, titaye chapakati chakufacho. Zotsalazo tibzalenso, zina tigawire anansi.

Udzu wa pabwalo ukhale waufupi, kuti njoka, makoswe ndi udzudzu zisowe pobisala. Koma tisapale bwalo lonse mpaka dothi. Kapinga wometedwa bwino amagwira nthaka ndipo amachepetsa fumbi ndi matope.

Zida ndi muyeso

Zenga, chikwakwa ndi mpeni zikhale zakuthwa. Chida chobuntha sichidula, chimakadzula. Chimagwedeza mizu ndipo chimatopetsa dzanja. Tinole tisananyamuke. Tisanapise dzanja paphata, tiyambe tagwedeza ndi ndodo, chifukwa njoka imakonda malo otere. Ana aang'ono akhale patali ndi womweta.

Ife amene tikuphunzira kulemba ndi kuwerenga tili ndi chida china. Tidule ndodo yowongoka. Tipemphe lula kwa aphunzitsi. Tilembe pandodopo 10, 15, 20, 30 ndi 50. Ndodo imeneyi tipite nayo kumunda.

Tiyesenso masamu. Mita imodzi ili ndi masentimita 100. Tikabzala vetiva motalikirana masentimita 10, mita imodzi ifuna timapata 10. Mzere wa mamita 10 ufuna timapata 100. Nanga mzere wa mamita 30 ufuna tingati? Wodziwa kuwerengera amadziwiratu mbewu imene akufuna asanapite kukapempha.

Tilembenso m'kope mwathu ntchito za mwezi ndi mwezi. Mu Meyi tilambule njira zotchinga moto, ndipo tikatha kukolola timete vetiva. Mu Juni ndi mu Julayi timwete udzu wofolera. Mu Ogasiti tisamale zomera za pakhomo. Mu Seputembala ndi mu Okutobala tifolere. Mu Novembala timetenso vetiva. Mu Disembala ndi mu Januwale tigawe mapata ndi kubzala. M'dzinja lonse tidule nsenjere chigawo ndi chigawo.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Udzu wa padambo si wa munthu mmodzi. Mmodzi akafulumira kumweta, onse amafulumira, ndipo onse amatenga udzu wosakhwima. Mmodzi akayatsa moto, onse amapeza lupsa. Madzi ochokera m'munda wopanda mpanda amakumba chigwembe m'munda wa mnzake wa kumunsi. Chifukwa chake nkhaniyi tikaikambe pabwalo la amfumu, Juni asanafike. Tikagwirizane tsiku loyamba kumweta ndi tsiku lomaliza. Tikawerengenso nyumba za okalamba ndi odwala m'mudzi mwathu. Banja lililonse likaonjezapo mtolo umodzi, nyumba zimenezo zifoleredwa mvula isanagwe.

Tikambirane

1. Kodi moyo wa udzu uli pati? Chifukwa ninji timasiya chitsa pomweta?

2. Kamwetedwe ka tsekera kakusiyana bwanji ndi ka nsenjere?

3. Kodi m'mudzi mwathu moto umayamba mwezi uti, ndipo umayambira kuti?

4. Ndi malo ati m'minda yathu amene akufunika mpanda wa vetiva? Tiyese kutalika kwake, tiwerengere timapata tofunika.